Kufa pa kamera: mmene mungasewerere imfa yoti anthu asaiwale

Loweruka lapitali tinali ku Mufakose kuseri kwa nyumba ya amalume tikujambula kafilimu kathu ka achinyamata a kutchalitchi, ndipo mnyamata amene akusewera ngati bambo wodwalayo anafa ka 7. Kufa koyamba anagwira pachifuwa, maso tong'o, kukuwa, kugubuduka mpaka kugwetsa mpando, ana amene anaunjikana pampanda anaseka mpaka kugwirana. Koma pofika teki yomaliza, kutanthauza ulendo womaliza wojambula gawo limenelo, panalibe woseka, ndipo mayi wina amene amachapa pampopi chapafupi anangoima sopo ali m'manja kumayang'ana. Munthu yemweyo, foni yomweyo, mphasa yomweyo. Nde ndati ndilembe zimene tinasintha pakati pa teki yoyamba ndi yomalizayo, chifukwa ife a Chichewa kuno ku Harare, kaya ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa kapena Epworth, masewero timapanga ambiri, a kutchalitchi, a pa misonkhano ya mabungwe a maliro, ena oika pa Facebook ndi YouTube, ndipo pafupifupi nkhani iliyonse mumakhala imfa. Pamene pamayenera kugwira anthu mtima mpomwe timawaseketsa. Zimandiwawa zimenezi.

Choyamba muuzeni wosewerayo kuti asiye kusewera kufa. Munthu amene akutsirizika sakhala akuganiza zoti "ndikufa tsopano, ndioneke bwanji", amakhala akufuna chinachake, madzi, mwana wake, kudzuka, kumaliza mawu amene wayamba. Nde funso loti mumufunse musanayatse kamera ndi limodzi basi, "pa mphindi iyi ukufuna chani?" Akayankha kuti "ndikufuna kufa" bwererani kaye mukakhale pansi, sanamvetse.

Ine zimenezi ndinaziona ndi maso anga kwa agogo aamuna. Anachoka ku Dedza ali mnyamata kubwera kuno kudakali Salisbury, zaka zoposa 50 akuyankhula Chishona kuntchito, kumsika, ndi ife adzukulu omwe. Usiku wawo womaliza sanatisonkhanitse kutipatsa malangizo ngati mmene timalembera m'masewero athu ayi. Ankangofunsa ngati njinga yalowetsedwa m'nyumba, njinga yoti inagulitsidwa kalekale ine ndisanayambe sukulu, tikawayankha kuti eee yalowa amakhala phee pang'ono kenako kufunsanso. Zala zawo zimangotsina m'mphepete mwa bulangete, kutsina kusiya, kutsina kusiya. Chishona chonse chija chinathawa, chinatsala ndi Chichewa chenicheni cha kumudzi chimene enafe tinali tisanawamvepo akuyankhula, ndipo amaitana amayi awo, munthu wamkulu wa imvi mbuu kumati "amayi, amayi". Kupuma kwake kumabwera mofulumira kenako kuima nthawi yaitali mpaka tonse kuyang'anana kuti kwatha, kenako kubweranso ndi kamkokomo kukhosi. Pamapeto penipeni panalibe chizindikiro chilichonse chachikulu. Amene anazindikira ndi agogo aakazi, iwo sanakuwe, anangowatseka maso ndi chikhatho n'kuuza azakhali kuti abweretse kansalu komangira chibwano. Kulira kunayamba pambuyo pake.

Ndikaonera Saving Private Ryan ya 1998 ija, pamene Giovanni Ribisi akusewera msilikali wachipatala amene waomberedwa m'mimba, ndimaona zomwezo. Munthuyo ndi amene amathandiza ovulala, nde poyamba akuyesabe kugwira ntchito yake pathupi lake lomwe, kufunsa anzake kuti bala likuoneka bwanji, kuzindikira yekha kuti chipolopolo chafika pachiwindi, kupempha mankhwala opha ululu, kenako zonse za usilikali zimatha n'kuyamba kuitana amayi ake, akufuna kupita kwawo. Sakuonetsa imfa, akulimbana nayo mpaka kugonja, ndipo ife oonera timalira chifukwa tamuona akuyesa. Chimodzimodzi Marlon Brando mu The Godfather ya 1972, mkulu woopsa uja amafera m'dimba la tomato akusewera ndi mdzukulu wake, waika khungu la lalanje m'kamwa kumuopseza mwana, kuthamangitsana pang'ono, chifuwa, kudzandira, khuu pansi, kamera ili patali ndithu, mwana n'kumapitiriza kusewera osadziwa kanthu. Palibe mawu otsanzika ngakhale amodzi. Mpatseni wosewera wanu chochita ngati chimenecho. Mnyamata wathu wa ku Mufakose tinangomuuza kuti ntchito yako ndi imodzi, ukufuna kumanga batani la shati chifukwa abusa akubwera ndipo sukufuna akupeze chifuwa chili pamtunda, ndiye zala zikukanika. Anasiya kuganiza za nkhope yake n'kuyamba kulimbana ndi batani, pompo zinthu zinasintha.

Tsopano mawu. Apa ndiye olemba masikiliputi timalakwa kwambiri, bambo wabayidwa mpeni pachifuwa koma akugawa chuma kwa mphindi 5, nyumba ya ku Glen View kwa uje, ng'ombe za kumudzi kwa uje, kenako vesi la m'Baibulo lathunthu. Mpweya wake auchotsa kuti? Dulani. Rutger Hauer mu Blade Runner ya 1982 anapatsidwa mawu ambiri oti ayankhule pofa, iye anakawadula yekha usiku woti mawa ajambula, kusiya ochepa chabe n'kuwonjezera kachiganizo kake kakafupi kumapeto, ndipo mpaka lero anthu amakumbukira munthu uja atakhala pamvula nkhunda ili m'manja, kuweramitsa mutu, nkhunda n'kuuluka. Inu chitani chonchi, tengani zimene mwalembazo mutsale ndi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, kenako wosewerayo atulutse kaye mpweya pafupifupi wonse asanayambe kuyankhula kuti azitha kunena mawu atatu kapena anayi okha asanapumenso. Asachite kunamizira kubanika ndi khosi, kubanika kubwera kokha. Chiganizo chomaliza chisathe n'komwe, oonera amalizitsa okha m'mitima mwawo. Ndipo ngati munthu wa m'nkhani yanuyo anabadwira ku Malawi kapena ku Tete kapena ku Chipata n'kukulira kuno, mulekeni ayankhule Chishona filimu yonse koma pofa abwerere ku chiyankhulo cha amayi ake, anthu athu akamva zimenezo amakumbuka agogo awo onse nthawi imodzi.

Muzidziwanso chimene chikumupha munthuyo, osangoti "wafa". Matenda a nthawi yaitali amafooketsa, munthu amachepa mphamvu, mawu amatsika, maso sakhazikika pa munthu, palibe zophupha ngati nkhuku yodulidwa khosi. Wovulala pangozi kapena wobayidwa nthawi zambiri amayamba ndi kudabwa, kuyang'ana dzanja lake kuti magazi awa ndi a ndani, kuyesa kuimirira miyendo n'kukana, kumva kuzizira ndi ludzu. Bala likhale pamalo amodzi chonde, ndaonapo munthu waomberedwa paphewa koma akugwira m'mimba teki yotsatira. Lembani kachizindikiro pa shati ndi choko ngati n'kofunika. Ena amandiuza kuti nanga Willem Dafoe mu Platoon ya 1986 si anagwada n'kukweza manja onse kumwamba? Eee anatero, koma onani mmene anajambulira, munthu ali patali pakati pa tchire, anzake ali m'helikopita akumuona, chithunzi chikuyenda pang'onopang'ono, nyimbo ikulira, ndiye thupi lonse limayenera kuyankhula kuti aoneke. Ndiponso timabomba ting'onoting'ono ta magazi timene anamumangirira pathupi sitinaphulike pa teki imeneyo, koma anaisunga yomweyo chifukwa munthuyo anali atakwanira kale popanda magazi. Inu foni yanu ili pafupi ndi nkhope m'chipinda chaching'ono, mukakweza manja chonchija aseka basi.

Kagwedwe tisachedwepo koma musakadumphe poti anthu amavulala. Osagwa chagada thupi lili gwa ngati mtengo, ndipo osatsamira zikhatho, mkono umathyoka. Mawondo ndi amene amayamba kufooka, munthu atsike, afikire pambali pa ntchafu, kenako nthiti, phewa, mutu pomaliza ndipo ufikire pamkono wake osati pasimenti. Atulutse mpweya pamene akugwa. Yesererani kaye pamatilesi kangapo pang'onopang'ono, pojambula matilesiyo ikhale kunja kwa chithunzi, kapena ingojambulani akuyamba kugwa mudule, kenako mujambule ali pansi kale, pophatikiza zidutswa zimene mwajambulazo palibe adzadziwe.

Chovuta kwambiri chimabwera munthu atafa kale, ndipo apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri ndi ana anga a sewero. Maso kaye. Anthu ambiri amaganiza kuti kufa ndi kutsinzina n'kupendeketsa mutu kamodzi n'kamodzi ngati wazimitsa switch, koma nthawi zina maso a munthu womwalira amatsala otseguka pang'ono, n'chifukwa chake pamakhala womutseka. Kutsinzina mwamphamvu kumanjenjemeretsa zikope ndipo kamera imaona. Ngati asiya maso otseguka asankhe kamalo kamodzi patali, kaya msomali wa pakhoma, ayang'ane pamenepo kenako aleke kukaona bwinobwino, maso angoti ndwii opanda mwini. Aphethire kangapo musananene action, mawu oyambitsira kusewera aja, ndipo shoti imeneyo, kachigawo kojambulidwa osadula, isapitirire masekondi 10 kapena 15, yaitali mudzaipanga pophatikiza ndi nkhope za ena. Musamuike poyang'ana dzuwa kapena pamphepo ya fumbi la August lija, misozi ituluka. Nsagwada zilekerere, kamwa litseguke pang'ono, anthu amachita manyazi ndi zimenezi poti sizikongola koma imfa siikongola.

Kupuma, musamuuze kuti akoke mpweya wambiri n'kuugwira, chifuwa chimatukumuka, mitsempha ya m'khosi kuonekera, kenako amaphulika nawo pakati pa teki. Apume bwinobwino kangapo, atulutse theka, aime pamenepo thupi lili lofewa, mudzaona kuti masekondi 15 amakwana popanda vuto. Ikakhala shoti yaitali apume pang'onopang'ono cham'munsi, mumufunditse bulangete lokhuthala losagwira thupi, kapena wolirayo akhale motchinga mimba. Kolala ya shati ibise khosi poti mtsempha umagunda poonekera. Ndipo thupi likhale lolemera! Ichi ndiye chimaulula ambiri, mayi akunyamula dzanja la malemu, malemuyo n'kumathandiza kulikweza, akalisiya likutsika mwaulemu. Munthu akangomwalira thupi limakhala lofewa lende, kuuma kumayamba patapita maola angapo. Timayeserera chonchi, wina agone pamphasa, mnzake anyamule mkono n'kuusiya mosamuchenjeza, ukagwa wokha phwa ndiye kuti zatheka, ukaima m'malere ngakhale pang'ono bwerezani. Mutunso chimodzimodzi koma pamenepo wonyamulayo asausiye, augwire ndithu ngati wa khanda.

Koma ndikuuzeni chimene ndimakhulupirira kwambiri, imfa ya mufilimu amainyamula ndi wotsalayo. Tonse kuno tinakula tikuonera Neria, filimu ya Godwin Mawuru yochokera pa nkhani ya Tsitsi Dangarembga, ndipo ndikakufunsani chimene mukukumbuka simunena mmene Patrick, mwamuna wa Neria, anafera pangozi paja, munena nkhope ya Jesesi Mungoshi, mayi wamasiye alamu ake akumulanda katundu, ndi mawu a Oliver Mtukudzi akumutonthoza mlongo wake. Nde musathere tsiku lonse pa wakufayo n'kumuuza mnzakeyo kuti "iwe ungolira". Mtsikana amene amasewera mwana wa bambo uja ku Mufakose poyamba amangoyamba kukuwa bamboyo asanamalize n'komwe kufa, kudzigwetsa, manja kumutu. Tinamuuza kuti iwe sukudziwa kuti amwalira, uli ndi phala m'kapu ukuwamwetsa, pitiriza. Anapitiriza, kuuzira phala pa sipuni, kuifikitsa pakamwa, "bambo, kamodzi kokha", phala n'kutsikira pachibwano, iye kulipukuta ndi chitenje, kuuziranso lina, kenako sipuni inaima m'malere. Anamaliza kumanga batani lija limene bambo ake analephera. Sanakuwe mpaka ine kunena cut yoimitsa kujambula, ndipo apo ndi pamene mayi wa pampopi uja anaima. Kulira kwathu kwa pamaliro, kwa amayi ali m'nyumba ya siwa abambo ali panja pamoto, kuli ndi malo ake ndipo mukujambule ndithu mmene kulili, koma kubwere pambuyo, pakati pa mpweya womaliza ndi mfuu woyamba pamakhala kachete kena kake, musakadule.

Wogwira foni nayenso adziletse. Osasunthasuntha, osachita zoom kulowa m'maso, ikani foni pa tripod, choimikira cha miyendo itatu chija, kapena pampando muitsamiritse ndi mabuku. Jambulani katatu, shoti ya patali yoonetsa chipinda chonse, ya pafupi pankhope ya wakufayo, ya pafupi pankhope ya wotsalayo, mukakhala ndi nthawi onjezani ya manja okha. Kuwala kuchokere mbali imodzi, pawindo kapena kandulo, makamaka poti magetsi amatha kuthima muli pakati. Mawu ndi amene amatipweteka m'malokeshoni muno, makombi akuimba mahutala, wailesi ya aneba, tambala, nde foni yachiwiri muibise pansi pa pilo kapena m'bulangete izijambula kupuma kokhako. Nyimbo yachisoni musaiyambitse munthu asanafe, mukatero mwawauza kale anthu zoti zichitike. Mu Black Panther ya 2018 onani mmene anamupatsira mpata Michael B. Jordan, kukhala pansi, kuona dzuwa likulowa ku Wakanda, dziko la m'filimumo, monga bambo ake anamuuzira ali mwana, kukana kuchiritsidwa, kuzula yekha mpeni pachifuwa, palibe kuthamangira.

Magazi, tomato sosi musiyeni pa chips, pa kamera amaoneka owala ngati penti. Tengani golden syrup, muikemo food colouring yofiira, koko pang'ono kuti ade, kadontho kamodzi ka ya buluu, madzi pang'ono ngati alimba kwambiri. Amenewa angathe kulowa m'kamwa popanda vuto. A pazovala mutha kuthiramo sopo wamadzi wotsukira mbale kuti adzachapike msanga, koma amenewo asayandikire kukamwa kapena m'maso. Magazi akakhalitsa amada kupita ku bulauni, nde ngati m'nkhani mwanu papita maola onjezani koko. Ochepa amaopsa kuposa ambiri. Khalani ndi mashati awiri kapena atatu ofanana a kaunjika poti teki iliyonse imafuna shati yoyera, ndipo shuga ameneyo amaitana nyerere ndi ntchentche, wakufa wanu asagone pansi nthawi yaitali.

Pa zida ndiye sindinyengerera munthu. Mfuti yeniyeni ayi, ngakhale mwini wake alumbire kuti mulibe kanthu. Brandon Lee anafa mu 1993 ali ndi zaka 28 akujambula The Crow, mfuti yoti imayenera kungolira chabe inatulutsa kachidutswa ka chipolopolo kamene kanatsalira mumpope. Mu 2021 Halyna Hutchins, amene amayendetsa makamera pa filimu ya Rust ku New Mexico, anafanso ndi mfuti ya pamalo ojambulira filimuyo. Amenewo ndi anthu a ndalama ndi akatswiri owazungulira, nanga ife? Mfuti ikhale yapulasitiki, kulira kwake mudzaika pa kompyuta. Mpeni ukhale wa labala kapena katoni yokutidwa ndi foil, chingwe cha m'khosi ndiye musayerekeze n'komwe, onetsani chithunzithunzi pakhoma kapena nkhope ya wopeza malirowo. Mukamajambula panja ndi mfuti yachidole dziwitsani aneba ndi apolisi a m'dera lanu kaye, munthu wodutsa sadziwa kuti ndi sewero.

Pali chinanso chimene mabuku a zisudzo sanena koma ife timakumana nacho. Makolo ambiri safuna mwana wawo asewere maliro, amati ndi malodza, ukudziitanira. Musawaseke kapena kuwazembera. Ine ndimapita ndekha kunyumba kwawo, kukhala pansi, "amayi, mwana wanuyu tamupatsa mbali yakuti, mutilole", akakana timasintha munthu basi popanda mkangano. Kulowa m'bokosi sitikakamiza wina aliyense, bokosi lotseka limagwira ntchito yomweyo. Kumanda enieni, kaya ku Warren Hills kaya ku Mbudzi, sitipita ndi kamera popanda chilolezo cha oyang'anira, ndipo manda a munthu wa eni ake dzina likuoneka sitijambula, kamulu ka dothi kuseri kwa munda ndi mtanda wathabwa n'zokwanira. Muzifunsanso mwakachetechete ngati pagulupo pali amene waferedwa posachedwa, mtsikana wa phala uja anataya bambo ake enieni zaka ziwiri zapitazo ndipo ndinamufunsa kawiri konse ngati akufunadi mbali imeneyi, anati eee, koma tinagwirizana kuti akakweza dzanja timaima pompo.

Mukanena cut musathamangire kuona foni. Pitani kaye kwa wagonayo mumuitane ndi dzina lake lenileni, mumugwire dzanja adzuke, amwe madzi, asambe magaziwo avale shati yake. Ife tsiku lija titamaliza amalume anatulutsa nsima ndi matemba, bambo womwalira uja ndi mwana wake wamasiye anadyera mbale imodzi, ndipo amayi ake a mnyamatayo amene anakhala pakhonde tsiku lonse osafuna kuyang'ana anabwera kudzamugwira kumaso ndi manja onse awiri asanamulole kusamba m'manja.